Seva ikafa, inzake ilowe yokha: kuyala failover pa sitolo kapena ofesi ku Chipata

Mvula yoyamba ikangogwa kuno ku Chipata, sitolo ya mbewu ndi feteleza imadzaza kuyambira m'mamawa. Alimi amachokera ku Chipangali, ku Kasenengwa, ena mpaka ku Vubwi, ndipo aliyense amafuna kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Tsiku lina lotere, pa sitolo ina imene ndimasamalira makompyuta ake, seva inazima chakumasana. Usiku wake kunali ziphaliwali, power supply inali itavulala kale, inkangodikira nthawi yoipa. Matilu onse anaima. A bwana anandiimbira foni: "Achimwene, kodi tizilemba pamanja?" Analembadi pamanja mpaka madzulo, ndipo sabata yotsatira inathera pa kufananiza malisiti ndi katundu wa ku shedi.

Zimene ndinayala pambuyo pake ndi zimene ndikulemba pano: failover, kutanthauza kuti seva (kompyuta imene imasunga deta ya matilu onse) ikafa, inzake ilowe m'malo mwake yokha. Pamafunika makompyuta awiri a Ubuntu Server kapena Debian, pulogalamu yaulere yotchedwa Keepalived, ndi tsiku limodzi limene sitolo siyotanganidwa. Chitsanzo changa ndi pulogalamu ya malonda imene matilu amaitsegula pa browser, deta yake ili mu MariaDB, pulogalamu yosunga deta (database). Kaya yanu ndi ya kiliniki, ya sukulu kapena ya kopaletivi, njira yake ndi yomweyi.

Mmene zimayendera

Matilu sadziwa seva ndi nkhope. Amangodziwa adilesi yake ya IP. Choncho timapanga adilesi yachitatu imene si ya seva iliyonse, n'kuuza matilu onse kuti azipita kumeneko. Seva imene ili pa ntchito ndiyo imanyamula adilesiyo, ndipo sekondi iliyonse imatumiza kauthenga kwa inzake kongoti "ndilipo", ngati alonda awiri oimbirana likhweru usiku. Inzakeyo ikadikira masekondi atatu ndi kachidutswa osamva kanthu, imatola adilesi ija n'kulengeza pa netiweki yonse kuti tsopano ili kwa iyo. Dongosolo limeneli dzina lake ndi VRRP, ndipo Keepalived ndiyo imaliyendetsa pa Linux.

Kusamutsa adilesi ndi ntchito ya theka la ola. Chimene chimadya tsiku ndi kuonetsetsa kuti seva yachiwiriyo ikhale ndi moyo pamene yoyamba yafa, ndiponso kuti ikhale ndi malisiti a m'mawa uno, osati a sabata yatha.

Yambani ndi malaiti, musanakhudze kiyibodi

Ndaonapo ma seva awiri okongola atalumikizidwa pa adaputa imodzi ya ku msika. Imeneyo ndi seva imodzi yokhala ndi mabokosi awiri. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, mmene malaiti ankapitira tsiku lonse. Kwathu kuno chimene chimapha seva kawirikawiri ndi magetsi, kutentha kwa mu Okutobala ndi fumbi, ndipo zonsezi zimapha ziwiri pamodzi ngati mwaziika malo amodzi.

Seva iliyonse ikhale ndi UPS yakeyake, kabokosi ka batire kamene kamaigwirizira malaiti akapita. Ngati muli ndi sola ndi inverter, imodzi idyere kumeneko, ina pa mzere wina. Ngati nyumba ilola, zikhale zipinda zosiyana, kuti denga likadontha lisanyowetse zonse. Switch, kabokosi kamene zingwe zonse za netiweki zimakumanako, nayonso ikhale pa UPS, chifukwa ikazima, ma seva amakhala amoyo koma palibe amene angawafike. Ine ndimasunga switch yaing'ono yapadera m'kabati, yolembedwa kale kuti chingwe chiti chilowa pati. Kenako lowani mu BIOS (tsamba la makonzedwe limene mumalowamo makina akangoyaka) ya makina onse awiri, pezani pamene palembedwa za AC power loss, musankhe Power On, kuti malaiti akabwera makinawo ayake okha.

Ma seva sayenera kufanana mphamvu. Yachiwiri ikhoza kukhala desktop yakale yokhala ndi SSD yatsopano. Chofunika n'choti Ubuntu, MariaDB ndi pulogalamu yanu zikhale za version imodzi mbali zonse.

Gawani ma adilesi

M'chitsanzo chino router ili pa 192.168.10.1. Seva A ndi 192.168.10.11, seva B ndi 192.168.10.12, ndipo adilesi yoyendayenda ija ndi 192.168.10.10. A ndi B muzipatse ma adilesi okhazikika. Ya 10 musailembe mu netplan (makonzedwe a netiweki a Ubuntu) ya seva iliyonse, Keepalived ndiyo idzaiika ndi kuichotsa. Lowaninso mu router, muonetsetse kuti DHCP, imene imagawira mafoni ndi zida zina ma adilesi, ikuyamba kugawa kuchokera pa 100 kupita m'mwamba, foni ya kasitomala ingadzalandire adilesi ya seva tsiku lina.

Lembani ip -br addr kuti muone dzina la khadi la netiweki. Mwina ndi enp1s0 kapena eno1, ndipo kawirikawiri limasiyana pa makina awiriwo. Konzaninso nthawi mbali zonse ndi sudo timedatectl set-timezone Africa/Lusaka. Mukadzayamba kufufuza vuto m'ma log, mudzathokoza kuti mawotchi akugwirizana.

Deta: apa ndipo pali ntchito

Seva B iyenera kumakopera chilichonse chimene A yalemba, nthawi yomweyo. Mu MariaDB zimenezi zimatchedwa replication. Pa makina onse awiri tsegulani /etc/mysql/mariadb.conf.d/50-server.cnf, muike izi pansi pa [mysqld]:

```
server_id    = 1
log_bin      = mariadb-bin
log_slave_updates = 1
bind-address = 0.0.0.0
read_only    = 1
```

Pa B, server_id ikhale 2. Mzere wa bind-address ulipo kale ndi 127.0.0.1, ingousinthani. Inde, read_only ili pa onse awiri, ndipo n'dala: makina aliwonse akayaka azikhala omangika manja mpaka atapatsidwa udindo. Koma dziwani kuti read_only siletsa root. Ngati pulogalamu yanu imalowa mu database ngati root, ipangireni user wakewake wopanda mphamvu zonse, apo ayi chitetezo chimenechi n'chachabe.

Yambitsaninso MariaDB, ndipo pa makina onse awiri pangani user wokopera. Pa A:

```
CREATE USER 'kopera'@'192.168.10.12' IDENTIFIED BY 'mawu-anu-achinsinsi';
GRANT REPLICATION SLAVE ON *.* TO 'kopera'@'192.168.10.12';
```

Pa B chimodzimodzi, koma adilesi ikhale ya A, ndipo musanalembe mizere iwiriyo lembani SET sql_log_bin=0; kuti zimenezi zisalowe m'kaundula wa B wolemba zosintha zonse (log_bin ija). User wa pa B sagwira ntchito lero. Adzafunika tsiku limene maudindo adzatembenuke.

Tsopano tengani deta yonse pa A:

```
sudo mariadb-dump --single-transaction --gtid --master-data=1 --databases sitolo > sitolo.sql
```

Tumizani fayiloyo ku B ndi scp, muilowetse ndi sudo mariadb < sitolo.sql, kenako pa B:

```
CHANGE MASTER TO MASTER_HOST='192.168.10.11', MASTER_USER='kopera',
  MASTER_PASSWORD='mawu-anu-achinsinsi', MASTER_USE_GTID=slave_pos;
START SLAVE;
SHOW SLAVE STATUS\G
```

Pa zambiri zimene zituluke, yang'anani mizere itatu. Slave_IO_Running ndi Slave_SQL_Running zonse zinene Yes, ndipo Seconds_Behind_Master ikhale 0 kapena pafupi. Mizere imeneyi muziiona sabata iliyonse. Replication ikaduka siichita phokoso; matilu amagwirabe ntchito bwinobwino, ndipo mumadzadziwa tsiku limene B yalowa ndi mitengo ya feteleza ya mwezi watha.

Dump ija, fayilo ya sitolo.sql, yatenga database ya sitolo yokha, choncho user wa pulogalamu yanu mumupangenso pa B ndi password yomweyo.

Mafayilo ngati zithunzi ndi ma invoice sali mu database. Amenewo rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, imakwanira, mphindi zisanu zilizonse kudzera mu cron (imene imathamangitsa malamulo pa nthawi yoikika), mutakonza SSH key kuti isafunse password:

```
*/5 * * * * /usr/sbin/ip addr | grep -q "192.168.10.10/" && rsync -a /var/www/sitolo/uploads/ 192.168.10.12:/var/www/sitolo/uploads/
```

Mzerewu umayamba waona ngati makinawo ndi amene anyamula adilesi ya 10, ndipo pokhapo amatumiza. Uikeninso pa B, wolozera ku 11. Sindiikapo --delete. Kuli bwino diski idzaze ndi zinyalala kusiyana n'kuti seva yotsalira ifafanize za inzake.

Chinthu chimodzi chimene a bwana ambiri samva msanga: replication si backup. Kalaliki akafafaniza katundu molakwitsa pa A, pa B zimafafanizikanso sekondi yomweyo. Dump ya usiku uliwonse yopita pa diski yakunja ipitirire monga kale, ndipo diski ina izigona kunyumba kwa munthu.

Keepalived

Pa makina onse awiri, sudo apt install keepalived curl. Ngati ufw, firewall yosefa zolowa mu seva, ili yoyaka, lolani ma seva kulankhulana: pa A, sudo ufw allow from 192.168.10.12, pa B mutembenuze. Musadumphe apa. VRRP siyenda pa TCP kapena UDP, ili ndi protocol yakeyake nambala 112, choncho kutsegula ma port sikuithandiza. Firewall ikatsekereza "ndilipo" uja, seva iliyonse imaganiza kuti inzake yafa, zonse zimatola adilesi ya 10, ndipo mumakhala ndi atambala awiri m'khola limodzi: tilu iyi ikulemba ku A, iyo ku B. Akatswiri amati split brain. Kulumikiza malisiti amene agawika chotere ndi ntchito imene sindingafunire ngakhale mdani.

Poyamba lembani kafayilo koyesa ngati pulogalamu ili moyo, /usr/local/bin/yesa.sh:

```
#!/bin/sh
curl -fs -m 2 http://127.0.0.1/ > /dev/null
```

Ngati pulogalamu yanu ili ndi tsamba limene limawerenga mu database, lozani curl kumeneko. Seva ikhoza kuyaka magetsi onse obiriwira pamene MariaDB inagwa kalekale, ndipo kwa wogulitsa pa tilu imeneyo ndi seva yakufa.

Kachiwiri ndi /usr/local/bin/ndalowa.sh, kamene kamathamanga makinawo akangolandira udindo:

```
#!/bin/sh
mariadb -e "STOP SLAVE; SET GLOBAL read_only=0;"
date >> /var/log/ndalowa.log
```

Kachitatu, /usr/local/bin/ndatuluka.sh, kali ndi mzere umodzi pansi pa #!/bin/sh: mariadb -e "SET GLOBAL read_only=1;". Tonse titatu mwini wake akhale root, ndi chmod 755. Tsopano /etc/keepalived/keepalived.conf pa A:

```
global_defs {
    enable_script_security
    script_user root
}

vrrp_script yesa {
    script "/usr/local/bin/yesa.sh"
    interval 3
    fall 3
    rise 5
}

vrrp_instance SITOLO {
    state BACKUP
    nopreempt
    interface enp1s0
    virtual_router_id 51
    priority 150
    advert_int 1
    unicast_src_ip 192.168.10.11
    unicast_peer {
        192.168.10.12
    }
    authentication {
        auth_type PASS
        auth_pass nsinjiro
    }
    virtual_ipaddress {
        192.168.10.10/24
    }
    track_script {
        yesa
    }
    notify_master /usr/local/bin/ndalowa.sh
    notify_backup /usr/local/bin/ndatuluka.sh
    notify_fault /usr/local/bin/ndatuluka.sh
}
```

Pa B koperani fayilo yomweyi, musinthe zinayi zokha: priority ikhale 100, unicast_src_ip ikhale 12, unicast_peer ikhale 11, ndi dzina la interface ngati n'losiyana. Nambala ya virtual_router_id ifanane mbali zonse. Ikhoza kukhala iliyonse kuyambira 1 mpaka 255 bola pasakhale zida zina pa netiweki yomweyo zoigwiritsa ntchito. Mawu a auth_pass amawerengedwa zilembo zisanu ndi zitatu zokha, zotsalazo zimadulidwa. Sikuti ndi loko weniweni, amangoletsa kusokonezana. Ndimakonda unicast, kutumiza uthenga ku adilesi ya inzake yokha, chifukwa VRRP ikasiyidwa yokha imalankhula pa multicast, adilesi ya gulu, 224.0.0.18, ndipo si switch iliyonse imene imanyamula bwino uthenga wotere.

Mwina mwadabwa kuti A nayonso ndalemba state BACKUP. Mzere wa nopreempt umagwira ntchito pokhapokha zili choncho, ndipo nopreempt ndiwo mzere umene ndingaumenyere nkhondo mu fayilo yonseyi. Popanda iwo, A ikadzuka imalanda adilesi nthawi yomweyo chifukwa priority yake ndi yaikulu. Tangoganizani: A inafa 10 koloko, B yagulitsa mpaka 3 koloko, A yadzuka n'kulanda mpando ndi deta ya 10 koloko. Matumba amene anatuluka masana onse abwereranso m'kaundula ngati akadali ku shedi. Ndi nopreempt, amene wagwira wagwira, mpaka nayenso atafa kapena inu mutamuchotsa.

Malangizo ena amati muike weight mu vrrp_script kuti priority izitsika pulogalamu ikagwa. Mukaphatikiza weight ndi nopreempt, B siidzalowa, chifukwa mwailetsa kale kulanda kwa mnzake amene akupumabe. Popanda weight, kuyesa kukalephera katatu motsatizana A imalowa mu FAULT n'kutula adilesi yokha. N'zimene tikufuna.

Yatsani A poyamba ndi sudo systemctl start keepalived, dikirani masekondi khumi, kenako B. Pa A, ip -br addr ionetse ma adilesi awiri, pa B imodzi. Mu journalctl -u keepalived mupeza Entering MASTER STATE pa A ndi Entering BACKUP STATE pa B. Zonse zikanena MASTER, zimitsani B msanga, mubwerere ku firewall. Lamulo la sudo tcpdump -ni enp1s0 ip proto 112 likuonetsani ngati uthenga ukufika. Dziwaninso kuti B ikangolowa ngakhale kamphindi, ndalowa.sh imaimitsa replication, choncho muyambitsenso START SLAVE. Zikakhala bwino, sinthani matilu onse kuti azitsegula 192.168.10.10.

Pali chisankho chimodzi chimene anzanga ena amanditsutsa nacho. Ine ndimalemba sudo systemctl disable keepalived pa makina onse awiri, kuti Keepalived isamadziyatse yokha makina akayaka. Chifukwa chake ndi malaiti athu omwewa. Mabatire onse akatha, ma seva awiri amafa, ndipo malaiti akabwera sitidziwa kuti iyambe kudzuka ndi iti. Ikayamba yotsalira m'mbuyo, nopreempt yomwe ija imaisunga pa mpando ndi deta yakale. Ndiye seva imodzi ikafa, inzake imalowa yokha popanda munthu. Koma zikafa zonse, munthu amayang'ana nambala ya lisiti lomaliza mbali zonse ndi tsiku la mu ndalowa.log, n'kuyatsa Keepalived pa imene ili patsogolo. Ndi mphindi zisanu za munthu, ndipo ndinaphunzitsa mlongo wina wa ku akaunti kuzichita.

Zulani chingwe

Failover imene simunaiyese ndi mphekesera chabe. Sankhani Lamlungu masana, tengani dump yatsopano, ndipo pa laputopu siyani ping 192.168.10.10 ikuyenda. Gulitsani kanthu kamodzi kongoyesa. Kenako zulani chingwe cha magetsi cha A kumbuyo kwa UPS, osati shutdown yaulemu, chifukwa chiphaliwali sichipempha chilolezo. Ping iphonye pafupifupi kanayi n'kubwerera. Ndi priority 100 ndi advert_int 1, B imadikira masekondi pafupifupi 3.6. Tsegulani tilu, muone ngati lisiti lija lilipo, mugulitsenso kena. Mwina tilu ifunsa password kachiwiri. Auzeni ogulitsa zimenezi pasadakhale kuti asadzachite mantha.

Dziwani kuti replication yotereyi siyidikira B kuti ivomere. Lisiti limene linkalembedwa pa sekondi yeniyeni imene A inafa likhoza kusowa pa B. Lamulo la pa sitolo ija n'loti seva ikasintha, wogulitsa aliyense afananize lisiti lake lomaliza la pepala ndi la pa sikirini asanapitirize.

Yesaninso njira zina ziwiri: kuzula chingwe cha netiweki, ndi sudo systemctl stop mariadb pa seva imene ili pa ntchito. Yachiwiriyi imatenga masekondi khumi kapena kupitirirapo pang'ono chifukwa cha fall 3, ndipo ikapanda kusamutsa adilesi ndiye kuti yesa.sh yanu ikuyang'ana tsamba losakhudza database.

Pakati pa mayeso aliwonse muyenera kubweza seva yakufayo m'gulu, ndipo kumeneku n'kuphunzira kwabwino chifukwa ndi zomwe mudzachite tsiku lenileni. A ikayaka, musayatse Keepalived. Tengani dump pa B ndi lamulo lomwe lija. Pa A lembani STOP SLAVE, RESET MASTER, kuti kaundula wake wakale achoke, lowetsani dump, kenako CHANGE MASTER wolozera ku 192.168.10.12 ndi START SLAVE. Ngati mukukayika kuti pa A panatsalira malisiti amene B ilibe, yambani mwasunga dump ya A pambali. Ma Yes awiri aja akaoneka, yatsani Keepalived pa A, ndipo ikhala BACKUP. Palibe chifukwa chothamangira kubweza udindo kwa A. Ngati B ikukwanitsa, isiyeni mpaka tsiku lopanda makasitomala, pamenepo sudo systemctl stop keepalived pa B isamutsa adilesi mwaulemu, ndipo B muibweze m'gulu mwa njira yomweyi.

Wina adziwe kuti zachitika

Vuto la failover yoyenda bwino n'loti palibe amene amazindikira. A ikhoza kufa Lolemba, sitolo n'kugulitsa mwezi wonse pa B yokha, aliyense akuganiza kuti ma seva akadali awiri. Onjezani mzere mu ndalowa.sh wotumiza imelo kapena uthenga wa Telegram ku foni yanu. Poti intaneti nayo imatha kudukira limodzi ndi malaiti, ndimauzanso amene amatsegula sitolo m'mawa kuti aziona ngati makina onse awiri akuyaka.

Za intaneti ndingonena mwachidule, chifukwa matilu a m'chitsanzo chino saifuna kuti agulitse. Ngati muli ndi nthambi ku Katete kapena ku Lundazi zimene zimalowa pa seva ya ku Chipata, router ikhale ndi njira ziwiri za makampani osiyana, kaya faiba ndi SIM ya MTN, Airtel kapena Zamtel, kaya Starlink imene inayamba kugwira ntchito m'Zambia mu 2023. Pa router ya MikroTik, njira yoyamba imapatsidwa distance 1 ndi check-gateway=ping, yachiwiri distance 2. Kumbukirani kuti check-gateway imangoyesa chida choyandikana nacho, choncho modemu ikhoza kuyankha ping pamene bundle inatha dzulo.

Pomaliza lembani tsamba limodzi la pepala, mulimate mkati mwa chitseko cha kabati: ma adilesi atatu, lamulo loonera amene wanyamula 10, masitepe obwezera seva m'gulu, ndi tsiku limene munazula chingwe komaliza. Pa sitolo ija timazula kawiri pa chaka, mu Epulo msika wa soya ndi chimanga usanatsegulidwe, ndi mu Okutobala feteleza asanafike, ndipo tsiku lomwelo timapemerera fumbi m'makina ndi kuyesa kuti batire ya UPS iliyonse ikugwira mphindi zingati.